Za Nthano ya Nkhondo Yochokera ku Mars

Alipo anthu amene akonda nthano za maiko a kumwamba ndi za makina osaoneka ndi kale lomwe, kuyambira ubwana wao kufikira imvi zitamera. Ndipo anzao awaseka, nati, Kodi munthu wamkulu angathere mafuta a nyali pa zinthu zosachitika? Funso limeneli silili lachabe ai, pakuti mabuku otere ambiri akunga nzimbe: ukatafuna kamodzi, zotsala nzolavula. Koma alipo ena owerengeka amene munthu awawerenga ali mnyamata, nawawerenganso ali ndi adzukulu, napezamo kanthu kena ulendo uliwonse. Limodzi la iwo ndilo The War of the Worlds, ndiko kunena Nkhondo ya Maiko, lolembedwa ndi H. G. Wells wa ku England. Tiyeni, inu owerenga, tilione pamodzi, tidziwe chimene chilisunga lamoyo.

Wells anabadwa m'chaka cha 1866 ku Bromley, m'banja losauka. Mu 1874 anathyoka mwendo nagona masiku ambiri, atate wake namtengera mabuku. Pamenepo ndi pamene njala ya kuwerenga inamgwira. Atavutika zaka m'sitolo ya nsalu, ntchito imene anaida ndi mtima wonse, analowa Normal School of Science ku London mu 1884, naphunzira za zamoyo pa mapazi a T. H. Huxley, nakhala mphunzitsi. Mu 1895 anakhala ku Woking, ndipo poyenda pa njinga m'midzi yozungulira anali kusankha malo oti adzawaononge m'nthano yake. Nthanoyo inatuluka chigawochigawo mu Pearson's Magazine mu 1897, nikhala buku mu 1898.

Nkhani yake ndi iyi. Dziko la Mars, nyenyezi yofiira ija tiiona usiku, lakalamba nilizizira, ndipo eni ake afuna pokhala pena. Aponya zimigolo zachitsulo kuloza kuno, choyamba nichigwa pa dambo la Horsell pafupi ndi Woking. Anthu athamangirako kukaonerera monga achitira pa chinthu chachilendo. Ena apita ndi mbendera yoyera kuti alankhule nao, napserera pomwepo ndi cheza cha moto wosaoneka. Alendowo ayenda m'makina aatali koposa nyumba zosanja, a miyendo itatu ngati mphika wachitsulo. Afukiza utsi wakuda wakupha, ndipo chakudya chao ndicho mwazi wa anthu. Mizinga ya asilikali ilephera, mzinda wa London uthawidwa. Potsiriza alendowo angofa okha, ophedwa ndi tizilombo ta matenda tosaoneka ndi maso, timene matupi athu anatizolowera kale koma ao sanatidziwe.

Mwa onse anakonda buku ili moyo wao wonse, wodziwika ndiye Robert Goddard wa ku America. Analiwerenga mu 1898 ali mnyamata wa zaka ngati 16. Pa 19 Okutobala 1899 anakwera mtengo wa zipatso kwao ku Worcester kuti asadze nthambi zouma, ndipo ali m'mwambamo anayamba kulingalira za chombo chokhoza kufika ku Mars. Tsiku limenelo analikumbukira chaka ndi chaka. Pa 16 Malichi 1926, ku Auburn, anaulutsa roketi yoyamba yoyendera mafuta amadzi. Inangokwera mapazi 41, nigwa patapita masekondi 2 ndi theka. Koma zombo zimene zinatengera anthu ku mwezi mu 1969 ndizo zidzukulu za kanthu kameneko. Mu 1932, ali pafupi zaka 50, analembera Wells kalata kumuuza chimene buku lake linamchitira.

Chikondi chotere ndichilemekeza. Koma ndiyesa kuti Goddard anatengamo theka lokha, ndilo theka limene likalamba msanga. Pakuti nzeru za Mars zimene Wells anamangapo nthano yake zinagwa. Masiku amenewo Percival Lowell, woyang'ana nyenyezi, anaphunzitsa kuti pa Mars pali ngalande zokumbidwa ndi zolengedwa zanzeru, nalemba buku la zimenezo mu 1895. Koma mu 1965 chombo chotchedwa Mariner 4 chinapita pafupi ndi Mars, nichitumiza zithunzi za chipululu cha maenje, chopanda ngalande. Bukuli likadakhala ulosi wa zam'tsogolo, likadafa chaka chomwecho. Nanga bwanji anthu aliwerengabe?

Yankho lili m'mutu woyamba, pamene mnyamata adumpha pofulumira kukaona moto. M'menemo wofotokoza nkhani achenjeza anthu a mtundu wake kuti asafulumire kuweruza a ku Mars, nawakumbutsa chimene Azungu anachitira eni dziko a pa chisumbu cha Tasmania. Angerezi anayamba kukhala pa chisumbucho mu 1803, ndipo m'zaka zowerengeka eni ake anatha ndi mfuti, matenda ndi kulandidwa malo. Wells mwini ananena kuti maganizo a nthanoyi anachokera kwa mbale wake Frank, ali paulendo wapansi, ndipo bukulo analipereka kwa iye. Tikumbukenso kuti mu 1893, zaka 5 buku lisanatuluke, mfuti za Maxim zinagwetsa Amandebele ochuluka pa mtsinje wa Shangani, iwo osatha kufika pafupi ndi mikondo yao. Owerenga a ku England anazolowera kumva mbiri zotere ali kuseri kwa mfuti. Wells anawagwira dzanja, nawaimika kutsogolo kwake. Akuluakulu anati, Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo buku lonseli ndilo mawa limenelo.

Chifukwa chake mitu yoposa yonse ndiyo ya kuthawa. Anthu mamiliyoni 6 atuluka mu London opanda kamba, opanda mtsogoleri, olemera ndi osauka m'fumbi limodzi. Pali munthu wina amene thumba lake la ndalama zagolidi ling'ambika pakati pa mseu. Agwada kuti atole, ngolo nimponda msana, ndipo ngakhale pomkoka kuti apulumuke, iye aluma dzanja lomthandiza. Amene munamva kwa agogo za masiku othawira m'mapiri, mai atabereka mwana, mbuzi zitasiyidwa m'khola, mudzazindikira mitu imeneyi popanda womasulira. Ngakhale ngalawa ya nkhondo yotchedwa Thunder Child, imene ilimbana ndi makinawo kuti othawa aoloke nyanja, ingogula kanthawi kochepa nitayika. Wolemba wina akadapatsa Angerezi ngwazi yowapulumutsa. Wells anawamana dala, napereka chigonjetso kwa tizilombo.

Zolakwa zilimo, ndipo sitiyenera kuzibisa. Pa malo omwewo pamene achitira chifundo a ku Tasmania, wofotokoza awayesa mtundu wapansi, natinso anatheratu onse. Zimenezi sizoona: Truganini, mai amene ambiri anamutcha wotsiriza, anamwalira mu 1876, koma mbumba ya anthu a pa chisumbucho ilipo kufikira lero. Tsono Wells anaona choipa cha anzake, koma anachionera m'galasi lao lomwe. Akazi m'bukumo ali ngati zithunzithunzi; mkazi wa wofotokoza atumizidwa kwa abale ku Leatherhead, nangobwera pomaliza.

Chinanso chimene chidzalasa ambiri a inu ndicho m'busa wamng'ono wa mpingo, amene atsekeredwa pamodzi ndi wofotokoza m'nyumba yakugwa masiku ambiri. Alira, aba chakudya, afuula kufikira mnzakeyo amkantha kuti akhale chete, a ku Mars namkokera kunja. Wells sanali munthu wa mpingo, ndipo ndiyesa kuti sanachite chilungamo posankha wamantha yekhayo kuti aimire onse. Komabe funso limene m'busayo alephera kuyankha nlenileni: iye anayesa kuti mudzi wa Sande sukulu ndi nyumba ya mapemphero sungaonongeke, ndipo utaonongeka analibe poima. Wachichepere awerenga mutu umenewu naseka. Amene anaika maliro m'chaka cha njala sangaseke.

Koma munthu amene ndimpeza watsopano nthawi zonse pobwereza bukuli ndiye msilikali wa mizinga, amene wofotokoza akomana naye pa phiri la Putney, London atakhala bwinja. Mau ake ngokoma ndithu. Anthu amphamvu, ati, adzakhala pansi pa nthaka m'ngalande za mzinda, adzasunga mabuku a nzeru, adzaphunzira makina a adani, ndipo tsiku lina adzawalanda. Ofooka ndi amantha angosiyidwa akhale ziweto za a ku Mars. Mnyamata powerenga apa mtima umgunda, nafuna kumtsata. Wofotokoza yemwe akopeka. Pamenepo msilikaliyo amtengera kunsi kwa nyumba kukamuonetsa ntchito yake, ndipo dzenje limene wakumba sabata yathunthu ndi loti munthu wa khasu angalitsirize tsiku limodzi. Akumba pang'ono pamodzi, msilikaliyo nati tapuma. Atulutsa vinyo ndi fodya za mwini nyumba, nakhala pansi kusewera makadi, atagawana London pakati, wina kumpoto wina kumwera, nachitira juga madera a mzinda umene ulibe munthu. Wofotokoza akwera pa denga yekha, ataya fodyayo, nanyamuka kulowa m'mzinda.