Makwerero a makontrakiti a boma, poonera pa Nguludi

Amene anayendapo pa msewu wa Midima, kuchoka ku Limbe kulowera ku Mulanje, amadziwa pamene minibasi zimatsitsa anthu a ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Ambiri otsika pamenepo amakhala akupita ku chipatala cha St Joseph kapena ku sukulu ya ukachenjede ya Katolika imene inatsegulidwa mu 2006. Ife tasankha malowa pofuna kuyesa chiphunzitso chimene amalonda athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amachimva m'misonkhano ya mabizinesi ang'onoang'ono. Amauzidwa kuti makontrakiti a boma ali ngati makwerero: uyambire ku khonsolo, ukwere kufika pa chigawo, kenaka ukagogode ku Capital Hill. Mawuwa ndi okoma m'khutu, koma munthu akaima pa Nguludi amaona kuti makwererowo alibe popondera pakati.

Abale athu amene anakhalako ku Joni amadziwa kuti kumeneko chigawo monga Gauteng chili ndi boma lake, nyumba ya malamulo yake ndi thumba lake la ndalama, ndipo chimaitanitsa chokha makampani oti achigwirire ntchito. Kwathu kuno chigawo ndi dzina la pa mapu chabe. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapereka mphamvu ku makhonsolo, ndipo pakati pa khonsolo ndi likulu silinaikepo boma lina. Zimene zili pakatipo ndi nthambi ndi mabungwe: mabungwe ogulitsa madzi, zipatala zikuluzikulu, maofesi a zaulimi a ADD, ndi maofesi a maphunziro monga ya Shire Highlands, imene imayang'anira Chiradzulu ili ku Mulanje. Maofesi ena mwa amenewa amagula zochepa zedi. Mabungwe a madzi ndiwo amagula zambiri, koma tione kumene ndalama zake zimachokera.

Pa Nguludi pali malo oyeretsera madzi a Blantyre Water Board. Madziwo amachokera mu mtsinje wa Likhubula ku phiri la Mulanje, n'kuyenda m'mapaipi mtunda wautali, ndipo ntchitoyi inakonzedwa kuti izipereka malita 20 miliyoni pa tsiku kwa anthu a mu mzinda wa Blantyre ndi madera ozungulira. Phindu lake palibe angalikane, pakuti kupopa madzi kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire kumadya magetsi ochuluka. Koma ndalama zomangira, madola 23.5 miliyoni, inali ngongole yochokera ku banki ya Exim ya ku India, ndipo ngongole zotere zimabwera ndi mfundo yoti gawo lalikulu la katundu ndi ntchito, magawo 75 pa 100 alionse, ligulidwe ku India komweko. Kontrakitala wamkulu analinso wa kumeneko. Mwana wa ku Chiradzulu mpata wake unali wokumba ngalande, kusenza mapaipi, kapena kugulitsa mchenga kwa amene anapata ntchitoyo. Lamulo lathu la kagulidwe ka katundu wa boma limavomereza lokha kuti likasemphana ndi mgwirizano wa ngongole yakunja, mgwirizanowo ndiwo utsatidwe. Ndiye kuti khwerero limene tikulitcha la chigawo, pamene pali ndalama zenizeni, nthawi zambiri chitseko chake chimatsekedwera kunja kwa dziko.

Tikakwera ku likulu, kumeneko kunali lamulo la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la PPDA m'malo mwa ofesi ya ODPP ya lamulo la 2003. Lamuloli linabwera dziko lidakali ndi mabala a Cashgate wa 2013, pamene makampani analandira mabiliyoni a kwacha osapereka ngakhale msomali umodzi. Ndime yake yotchuka kwambiri inali imene inkati pa mpikisano wa makampani a m'dziko muno, magawo 60 pa 100 alionse apite kwa Amalawi akuda, eni nthaka. Cholinga chake tikuchimvetsa. Chimene sitigwirizana nacho n'chakuti ndimeyi inkayang'ana khungu la mwini kampani osayang'ana kukula kwa thumba lake. Munthu wa makampani khumi ku Lilongwe ndi mayi wogulitsa nyemba pa msika wa Namitambo onse ndi Amalawi akuda, ndipo tonse tikudziwa amene adzapambane. Ndimeyi inkasiyanso mpata woti wina abwereketse dzina lake pa mapepala pamene mwini ndalama ali kuseri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo lowonjezera la 2020, limene linapatula katundu ndi ntchito zina kuti zizigulidwa kwa mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakatikati, linayandikirako pa bala lenileni, pakuti ilo linafunsa za kukula kwa bizinesi. Komabe wofuna kulowa ayenera kulembetsa bizinesi yake, kukhala ndi nambala ya msonkho ndi chiphaso cha MRA, kulembetsa ku PPDA, ndipo ngati ndi womanga, akhalenso m'kaundula wa makontrakitala pa mlingo woyenera kukula kwa ntchitoyo. Zonsezi zimafuna ndalama ndi maulendo munthu asanagulitse kanthu.

Watsala ndi khonsolo, ndipo apa m'pamene tikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndi pokhapo pamene munthu wa mpamba wochepa angafikepo ndi njinga. Ku khonsolo kumapezeka ntchito zomanga midadada ya sukulu, nyumba za aphunzitsi, mashedi a m'misika ndi milatho ing'onoing'ono. Zipatala za maboma ndi sukulu zogonera komweko zimafuna chimanga, nyemba, nkhuni ndi usipa wathu wa kunyanja. Zogula zing'onozing'ono sizidikira kulengezedwa m'nyuzipepala. Ofesi imapempha makoteshoni kwa ogulitsa angapo, komiti yoona zogula n'kusankhapo mmodzi. Ndalama zake zakhala zikuchokera ku thumba la chitukuko cha boma la DDF, ku thumba la CDF limene linayamba mu 2006 ndipo linafika K100 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, komanso ku ndondomeko ya GESD ya World Bank, imene yakhala ikupatsa khonsolo ndalama molingana ndi mmene yasamalira mabuku ake.

Kuyandikira komweku ndiko kumabweretsanso vuto. Pamene wogula ndi wogulitsa amadziwana mayina, amadziwananso zipani. Kwa zaka zambiri CDF inkaoneka ngati thumba la phungu, ndipo malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma akhala akudandaula za ntchito zolipiridwa koma zosamalizidwa. Mu 2025 khothi linagamula kuti aphungu kulowerera m'kayendetsedwe ka thumbali n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Chigamulocho chinatchula nthenda imene anthu akumudzi anaidziwa kalekale.

Koma chimene chimapha amalonda ang'onoang'ono koposa ndale ndi kuchedwa kwa malipiro. Kampani yaikulu ikhoza kudikira miyezi isanu ndi umodzi. Wogulitsa usipa amene anatenga katundu pangongole kwa asodzi sangadikire ngakhale mwezi. Akapereka matumba ake n'kupatsidwa pepala la LPO m'malo mwa ndalama, amatsala ndi njira ziwiri: kutseka bizinesi kapena kupita kwa akatapira, ndipo ambiri mwa owerenga athu sangakhudze ngongole ya chiwongoladzanja ngakhale zitavuta motani. Onjezanipo kugwa kwa kwacha, ndi magawo 25 pa 100 alionse mu May 2022 ndi magawo 44 mu November 2023. Amene anasayina mtengo wa simenti kusanachitike zimenezi, n'kulandira malipiro ake pambuyo pake, anamangira boma sukulu ndi ndalama za ana ake.

N'chifukwa chake tikuti alembi a malamulowa anataya nthawi yambiri pa funso loti apambane ndani, n'kupeputsa funso loti alipidwe liti. Tikadakonda kuona pa bolodi la zidziwitso la khonsolo iliyonse, kuyambira ku Chiradzulu mpaka ku Nkhotakota, pepala lolembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, losonyeza ntchito imene yaperekedwa, dzina la kampani, mtengo wake, tsiku limene katundu anafika ndi tsiku limene cheke chinatuluka. Pepala lotere mtengo wake suposa wa botolo limodzi la madzi amene amamwedwa pa msonkhano wa khonsolo.