Julius Chongo pa Pepala: Mau Alipo, Nanga Liu?

Mwezi watha tinali pa msonkhano wa acinyamata ku Kabwata, ndipo gulu lina linacita sewero la mwana wolowerera. Analicita bwino ndithu. Mnyamata uja anamwaza cuma ca atate ake m'mabala, anzake namuthawa, ndipo pofika pa nkhumba zija tonse tinali cete. Koma phwando litangotha, wapampando anaimirira ndi pepala nayamba kutiwerengera maphunziro asanu a m'seweroli. Pofika pa lacitatu, theka la anthu linali pa mafoni. Ndinabwerera kwathu ku Chelstone ndili ndi funso: kodi fanizo likatha, ndani ayenera kulankhula?

Funsoli linandibwezera ku buku lochedwa Poceza m'Madzulo, limene University of Zambia Press inasindikiza mu 2004. Muli nthano za Julius Chongo, zimene makolo athu anali kumvetsera pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Anazilemba pa pepala ndi kuzimasulira m'Cingelezi ndi a Ernst Wendland, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa seminale ya Lutheran kuno ku Chelstone, ndiponso anathandiza pa nchito yomasulira Buku Loyera lija la mu 1998.

Funsani amai kapena ambuya anu za Chongo, muone m'mene nkhope idzawalire. Munthuyu anali yekha pa maikolofoni, koma anali kusintha liu mpaka womvera nkuganiza kuti m'cipindamo muli mudzi wonse: nkhalamba, mkazi wolongolola, mfumu, mnyamata wa m'tauni wosakaniza Cingelezi kuti aoneke wophunzira. Anali kutenga nthano za kumudzi ndi kuzibveka zobvala za masiku ake. Taganizirani bvuto lake. Ambuya akamasimba nthano pa moto, adzukulu amayankha kuti "tili tonse", ndipo wosimbayo amaona ngati wina wayamba kuodzera. Pa wailesi palibe woyankha. Chongo anayenera kugwira anthu osawaona, ndipo cida cake cacikulu cinali mivekero. Munthu sangogwa cabe, amagwa kuti khu! Sangolowa m'nyumba, amangoti lowu! Womvera amaona ndi makutu.

Apa ndi pamene bukuli limacepa, ngakhale kuti si mlandu wa wolemba. Pepala lasunga mau, koma liu latsala. Mvekero ukalembedwa umafanana ndi ng'oma yopacikidwa pa khoma. M'Cingelezi ndiye zimabvutiratu, pakuti cimene Chongo anachula ndi liu limodzi cimafuna mzere wathunthu, ndipo pofika kumapeto kwa mzerewo nthabwala yazizira kale. Ndiulule kuti inenso poyamba ndinathamangira ku Cingelezi, monga ambiri a ife amene tinakulira mu Lusaka, cifukwa Cinyanja ca Chongo ncozama kuposa cimene timalankhula pa minibasi. Ndinalakwa. Bukuli silofunika kuliwerenga camumtima ngati notsi za mayeso. Liwerengeni mokweza, pa gulu, wina akhale nkhalamba, wina mfumu. Mukapunthwa pa liu, akulu alipo oti muwafunse.

Tsono tibwerere ku Kabwata. Mafanizo a m'Baibulo nawonso anayamba ngati nkhani za pakamwa, zonenedwa kwa anthu amene anali pomwepo. Mneneri Natani sanapite kwa Davide ndi ndandanda ya macimo. Anamusimbira za munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, namusiya mfumuyo kuti ikwiye ndi kugamula yokha mlandu, isanadziwe kuti ikudziweruza. Kalulu nayenso amagwira Njobvu mwa njira yomweyo.

Ndipo tawerenganinso Luka 15. Nkhani siithera pa phwando ai. Imathera panja, pamene tate akudandaulira mwana wamkulu amene wakana kulowa, ndipo sitiuzidwa ngati analowa. Yesu anali kuuza Afarisi ndi alembi amene anali kung'ung'udza kuti iye akudya ndi ocimwa. Yankho linasiyidwa m'manja mwao. Ife a m'magulu a acinyamata, amene sitiphonya kwaya kapena phunziro la Baibulo, tili pafupi ndi mkuluyo kuposa wamng'ono. Komatu m'sewero lija mwana wamkulu sanaonekemo nkomwe. Anamucotsa kuti nthawi ikwanire maphunziro asanu aja.

Wina adzati, nanga Yesu sanamasulire fanizo la wofesa mbeu? Anatero. Koma pa Marko 4 anamasulira pambuyo pake, khamu litacoka, ndipo anali ophunzira amene anayamba kufunsa. Ambuya nawonso nthawi zina amachula phunziro la nthano, koma ndi mau awiri atatu, moto usanazime.

Gulu lathu lagwirizana kucitanso seweroli pa Sondo yomaliza ya mwezi uno. Tidzathera panja pa nyumba, tate ataimirira, nyimbo za phwando zikumveka mkati. Amene adzakhala mwana wamkulu sanapezekebe, pakuti onse akufuna kukhala wolowerera.