Mpaka kapena mphaka? Foni sinaphe Chichewa

Sabata yatha, mu minibasi yochokera ku Mitundu kulowera m'tauni, bambo wina wachikulire ankadandaula kuti mafoni apha Chichewa. Anationetsa uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa mwana wawo: "Ndikhala kuno mphaka mawa." Tonse tinafa nazo nseko. Mnyamatayo ankatanthauza "mpaka mawa", koma "h" mmodzi anamusandutsa chiweto.

Dandaulo la bambowa lili ndi pake. M'Chichewa "h" si wokongoletsera mawu. Ndiye amasiyanitsa "pala" ndi "phala". Nako kachizindikiro ka mu "ng'oma" kakasowa, mawuwo amasanduka "ngoma", nyama ya m'tchire. Pa foni kachizindikiroka n'kobisika, "ŵ" ndiye osanena, ndipo foni yoikidwa pa Chingerezi imangosintha mawu athu mmene yafunira.

Komabe ine ndikuti mlanduwu taupatsa wosalakwa. Tadzifunsani: mafoni asanabwere, munthu wamba wa ku Nathenje ankalemba Chichewa kangati pa mwezi? Mwina kalata ya kwa achibale, mwina mayina a pa maliro, basi. Malamulo a kalembedwe analipo. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsanso malamulo okonzedwa mu 1990, ndipo mu 1996 ntchitoyi inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Koma malamulowa anakhalira m'kalasi ndi m'mabuku, pamsika sanafikepo. Mu 2014 boma linalengezanso kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Ndiye tidabwe chiyani mwana akasokoneza "mpaka" ndi "mphaka"? Foni yangoika poyera vuto lomwe linalipo kale. Chenicheni n'chakuti anthu akulemba Chichewa tsiku ndi tsiku kuposa kale.

Odandaulawa amaiwalanso uthenga wa mawu, uja timangoti voice note. Azakhali anga analekeza sukulu Sitandade 3, ndipo amagulitsa mtedza pamsika wa Mitundu. Kulemba kumawavuta, koma akadina foni n'kuyankhula, amakambirana malonda ndi ogula a ku Lilongwe popanda wowalembera. Apa pali phunziro kwa ife a zilankhulo. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa katundu timalemba chimodzimodzi, koma pakamwa pa azakhali mawu awiriwa sasokonekera. Ulemu wonse umamvekanso: malonje, kufunsa za ana, kenako nkhani. Chichewa chomwe pepala limataya, uthenga wa mawu umasunga.

Nkhawa yanga ili pena. Mawu ojambulidwa amadya bandulo kuposa zolemba, choncho wosauka yemwe amawadalira kwambiri ndiye amalipira zambiri. Sungawafufuze ngati mmene umafufuzira zolemba, ndipo foni ikadzaza amafufutidwa. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, koma makina otere amaphunzira kuchokera ku zolembedwa. Chichewa chokoma cha agogo a ku Nathenje sichifikako. Chomwe chimafikako ndi cha anthu ochepa olemba pa intaneti. Mawa makinawa akadzayamba kutiuza "Chichewa cholondola", chidzakhala cha ndani?

Tsono m'malo monyoza achinyamata olemba "bho" ndi "zkm", tiyeni tigwire ntchito yathu. Malamulo a kalembedwe afike pa foni, mwachidule komanso mwaulere. Ophunzira tizipempha chilolezo, tijambule mmene anthu akuyankhulira m'midzi yozungulira Bunda, n'kuzilemba bwinobwino. Fodya n'uyu ali pamphuno: chilankhulo tili nacho m'matumba mwathumu.

Bambo aja anatsikira panjira akupukusabe mutu. Koma asanatsike anayankha mwana wawo, ndipo sanalembe ayi. Anadina foni, n'kuyamba: "Iwe mphaka, wadzuka bwanji kumeneko?"