Mkazi Ngati Pamtherankhani: Ndemanga pa Nkhani za Chikondi Zobwereka Atengambali

1. Chiyambi

Pali mtundu wa zolemba umene Angerezi amautcha fan fiction. Wowerenga amabwereka atengambali a m'buku, m'sewero kapena m'kanema nawapekera nkhani yatsopano, kawirikawiri yowalowetsa m'chikondi chimene mlembi woyamba sanachilembe. Ku America mchitidwewu unakula pakati pa okonda Star Trek, amene anayamba kusindikiza timagazini tawo mu 1967. Kwathu kuno kubwereka kotere si kwachilendo, pakuti wokamba nthano aliyense amatenga Kalulu kapena Kamdothi amene anamupeza kale, namuyendetsa njira yake.

M'pepala lino tikuona m'mene Chichewa cha nkhani zotere chimamuikira mkazi. Zitsanzo tazipeka tokha, motsanzira ziganizo zimene tinazipeza mobwerezabwereza pamene tinapempha achinyamata a kumapiri a Dedza kuti apitirize nkhani zimene amazidziwa. Funso lathu ndi limodzi: pamene awiri akulowetsedwa m'chikondi, kodi akuchita ndani, ndipo akuchitidwa ndani?

2. Mneni ndi mwininkhani

Tiyambe ndi ziganizo zitatu izi:

(1) Phiri anamuona, anamufunsira, namutenga.
(2) Nabanda anafunsiridwa ndipo anakwatiwa chaka chomwecho.
(3) Nabanda ndi Phiri anakondana.

Mu (1) mkazi watsala kaphatikizo -mu- basi, ndipo dzina lake silikumveka. Mu (2) wakhala mwininkhani, koma wa aneni a msintho wochitidwa: ali patsogolo pa chiganizo, komabe palibe chimene wachita. Ndi mu (3) mokha, mmene muli -an- wa msintho wochitirana, m'mene awiriwa akugawana ntchito ya mneni. Sam Mchombo, m'buku lake la 2004 la The Syntax of Chichewa, anafotokoza kuti -an- amachepetsa maina amene mneni amafuna, kotero kuti pamtherankhani sakhalaponso. Kwa wolemba za chikondi tanthauzo lake ndi lakuti palibenso wotsalira kumapeto kwa chiganizo ngati katundu wolandiridwa. Tichenjere komabe, chifukwa "Phiri anakondana ndi Nabanda" ali ndi -an- yemweyo, koma maso a wowerenga awatembenuzira kwa mwamuna.

Ena anganene kuti cholakwa ndi chiyankhulo chenicheni, popeza mwamuna amakwatira pamene mkazi amakwatiwa. Ife sitikuvomereza. Pakati pa Achewa a ku Dedza, paukwati wa chikamwini, mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwawo kwa mkazi, amalima munda wa kuchikazi, ndipo ana amawerengedwa m'mbumba ya amayi awo. Mneni ndi wochitidwa, koma mwini mudzi ndi mkaziyo. Mlembi amene angotola -iw- wa kukwatiwa nataya chikamwini watola chikopa nasiya nyama.

3. Maina ndi ulemu

Chachiwiri ndi katchulidwe. Chichewa chili ndi njira zolemekezera munthu: a- wa ulemu, ndi maina a mfunda monga Nabanda, Naphiri ndi Nambewe, amene amamangirira mkazi ku mtundu wa anthu. Chilinso ndi ka- wochepetsa ndi chi- wokuza monyoza. Taonani:

(4) A Phiri anakumana ndi kamtsikana kaja pachitsime.
(5) Chimkazi chawo chija chinayamba kulalata.

Mu (4) mwamuna ali ndi dzina ndi ulemu, pamene mkazi walowa m'gulu la maina limodzi ndi kambuzi ndi kampeni. Sitikukana kuti ka- amasonyezanso chikondi, koma chikondi chopita mbali imodzi yokha n'chokayikitsa: nkhanizi sizinena za "kamnyamata" kokondedwa ndi "a Nabanda". Mu (5) mgwirizano wonse wasamukira ku chi-, ndipo wowerenga waweruza kale mkaziyo asanamve mlandu wake.

4. Mkazi wotchinga njira

Apa ndi pamene nkhani zobwereka zimasiyana ndi zongopeka. Mlembi akafuna kulumikiza awiri amene m'nkhani yoyamba sanali pamodzi, amapeza kuti wina anali kale ndi mkazi kapena bwenzi. Njira zachidule ndi zitatu: kumupha, kumusandutsa mfiti, kapena kumutcha hule. Mtengambali amene mlembi woyamba anamupatsa nzeru, ntchito ndi abale ake amasungunuka ngati Kamdothi pamvula, kungoti chiwembu cha nkhani chidutse. Umenewu ndi ulesi wa kalembedwe, ndiponso kusakhulupirika kwa wobwereka, pakuti chobwereka sitibweza chophwanyika.

Wokondedwayo nayenso sapulumuka. Akati "ayi", mlembi amathamangira kutiuza kuti mumtima anali kuti "inde". Wowerenga wachinyamata akuphunzitsidwa pamenepo kuti kukana kwa mkazi ndi mwambo chabe. Nkhaniyi si yamasewera m'boma limene Inkosi Theresa Kachindamoto anatchuka chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu, ndiponso m'dziko limene lamulo la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu kwa 2017 zinaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja. Nkhani yokometsera mtsikana wapasukulu "kugonja" kwa bambo wamkulu ikugwetsa ndi cholembera chimene ena anamanga ndi thukuta.

5. Mathero

Sitikupempha kuti mawu ena aletsedwe. Kuyambira pa Chichewa Board ya 1972 mpaka Centre for Language Studies imene inalowa m'malo mwake mu 1996, ntchito yaikulu yakhala ya kalembedwe ka mawu ndi matanthauzo ake. Koma ziganizo za zitsanzo m'mabuku a sukulu ndi m'mitanthauziramawu zimaphunzitsanso mwakachetechete kuti wochita ndani. Okonza mabuku otere aziwerenga aneni: pa aneni khumi okhudza mkazi, ndi angati amene iye ali wochita? Aphunzitsi a kalembedwe azifunsa wophunzira mafunso atatu: mkaziyu akufuna chiyani kupatula mwamunayu, ali ndi abale ati, ndipo akakana chichitike n'chiyani?

M'mapanga a Chongoni, amene UNESCO inawazindikira mu 2006, zina mwa zojambula zoyera n'zokhudza chinamwali, maphunziro amene amayi anapatsa ana awo aakazi. Akazi a kumapiri amenewa akhala eni nkhani kuyambira kale. Wolemba za chikondi m'Chichewa ali nazo zida zonse zowalembera motero, ndipo akapanda kuzigwiritsa ntchito mlandu ndi wake.