Dzina la Msilikali m'Mabuku a Mbiri ya Nkhondo: Kuunika Brelsford, Page ndi Tembo

Nkhani ino ikuunika mabuku atatu a mbiri ya nkhondo pofunsa funso limodzi: kodi mabukuwa angalithandize motani banja la ku Vubwi limene likufufuza kholo lawo lomwe linapita kunkhondo? Mfundo yathu ndi yakuti mabukuwa amalondola gulu la asilikali kapena dziko lonse, pamene banja limalondola dzina la munthu mmodzi, ndipo kulondola dzina ndi ntchito ya odziwa chinenero.

Buku loyamba ndi The Story of the Northern Rhodesia Regiment, lokonzedwa ndi W.V. Brelsford m'chaka cha 1954. Gulu limeneli linakhazikitsidwa mu 1933, ndipo linamenya nkhondo ku Tug Argan m'dziko la Somaliland mu 1940, linatumizidwa ku Madagascar mu 1942, kenaka ku Burma mu 1944. Phindu la bukuli lili pa malo ndi zaka. Banja limene limangokumbukira kuti agogo anawoloka nyanja lingathe kuyerekeza kumene anafika. Chofooka chake n'chakuti mwini nkhani ndi gululo pamodzi ndi akuluakulu ake achizungu. Msilikali wamba amabisika m'chiwerengero.

Melvin Page, m'buku lake The Chiwaya War (2000), anatsata njira ina. Iye anafotokoza nkhondo ya 1914 mpaka 1918 kudzera m'mau a okalamba a ku Malawi amene anafunsidwa m'zaka za m'ma 1970, ena asilikali, ena atengatenga. Mutu weniweniwo ukuchokera ku dzina limene anthu anatcha mfuti yolira mosalekeza. Komabe umboniwo umatifika m'Chingerezi, kotero kuti miyambi ndi kalankhulidwe ka eni nkhani zimatayika panjira.

Buku la Alfred Tembo, War and Society in Colonial Zambia, 1939–1953 (2021), ndilo lili pafupi kwambiri ndi funso lathu. Likulongosola mbali imene mafumu anatenga polemba anthu usilikali, mauthenga a boma okopa anthu, ndiponso kukhumudwa kwa asilikali atabwerera kwawo. Ngakhale zili choncho, cholinga chake si kupeza munthu mmodzimmodzi.

Wofufuza akatembenukira ku makaundula, monga a ku National Archives of Zambia ku Lusaka, amakumana ndi zopinga zinayi. Choyamba ndi kalembedwe: akalaliki ambiri sankasiyanitsa p ndi ph, kapena l ndi r, motero Phiri angapezeke ngati Piri kapena Pili. Chachiwiri, Mchewa ankasintha dzina pachinamwali, ndipo pantchito ankatha kutenganso lina; dzina la m'kaundula lingakhale losadziwika kwa adzukulu. Chachitatu, kalaliki ankafunsa dzina la bambo, pamene Achewa amalondola mtundu kuchikazi, ndipo mbiri ya mbumba imasungidwa ndi atsibweni. Chachinayi ndi maina a malo: Vubwi anali pansi pa boma la Fort Jameson, lomwe lero ndi Chipata, ndipo popeza derali lili m'malire, mnyamata akanatha kudutsa ku Fort Manning, komwe ndi ku Mchinji, n'kukalembetsa m'gulu la King's African Rifles la ku Zomba.

Pali ena amene maina awo sanasungidwe n'komwe. Lipoti la Commonwealth War Graves Commission la 2021 linavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pankhondo yoyamba, ambiri mwa iwo Aafrika, sanakumbukiridwe ndi maina awo. Kwa mabanja a anthu otere, umboni wapakamwa ndiwo wokha wotsala.

Pomaliza, tikuona kuti mabuku atatuwa ayenera kuwerengedwa pamodzi: Brelsford pofuna malo ndi zaka, Page pofuna njira yofunsira okalamba, Tembo pofuna kumvetsa zimene zinkachitika kumudzi. Ntchito yotsala ndi ya madipatimenti a zinenero. Nyuzipepala ya Mutende, imene boma linayamba kusindikiza mu 1936 ndipo inali ndi nkhani za m'Chinyanja, ikuyembekeza woiunika. Aphunzitsi nawo angatume ophunzira kukalemba maina onse a kholo lawo, la ubwana, lapachinamwali ndi lapantchito, pamodzi ndi mfunda, mudzi ndi mfumu, adakalipo amene anamva nkhanizi kwa eni ake.