Nkhokwe Kapena Kaundula?

Alembi ndi omasulira ambiri azolowera kunena kuti "nkhokwe" pamene Chingerezi chanena kuti database. Liwuli ndi lokoma m'khutu, ndipo likusonyeza kuti m'katimo mwasungidwa zofunika. Koma tikafika pa mtundu umene Edgar Codd wa kampani ya IBM adaufotokoza mu 1970, liwuli likusokeretsa. M'nkhokwe timangokhuthuliramo chimanga, ndipo palibe chimene chili ndi malo akeake. Njira ya Codd yagona pa kulekanitsa: mtundu uliwonse wa zinthu ukhale ndi mndandanda wake, chinthu chilichonse chilembedwe kamodzi kokha, ndipo manambala ndiwo alumikize mindandandayo.

Titenge chitsanzo cha dera la Mfumu Yaikulu Jenala m'boma la Phalombe. Woyala ntchitoyi bwino adzakhala ndi mndandanda wa mafumu aakulu, wina wa midzi, winanso wa anthu. Dzina loti Jenala lidzalembedwa pamalo amodzi ndi kupatsidwa nambala. Mudzi uliwonse udzangoloza nambalayo, ndipo munthu aliyense adzaloza nambala ya mudzi wake. Mwamuna akapita kuchikamwini, monga mwa mwambo wa Alomwe, mlembi adzasintha nambala ya mudzi pamzere wake basi. Kaundula wotere akadakhalapo mu 1998, pamene Phalombe adapatulidwa ku Mulanje, kukonza kwake kukadathera pa mizere yowerengeka ya mafumu.

Wophunzitsidwa kuti akudzaza nkhokwe sachita chomwecho. Amalemba dzina la dera pamzere wa munthu aliyense, lero Jenala, mawa Jenara, mkuja Genala. Ife tikudziwa kuti r amatsatira i kapena e, choncho Jenara ndi kulakwa chabe. Kompyuta sidziwa lamuloli, ndipo idzawerenga madera atatu. Tisafulumire kudzudzula mlembi wotopayo. Wolakwa kwenikweni ndi amene adamupatsa mpata wolemba dzina limodzi kambirimbiri.

Liwu limene tili nalo kale ndi "kaundula". Mwana wasukulu amalidziwa, nyakwawa imalidziwa, ndipo onse amadziwa kuti m'kaundula muli mizere ndi magawo, ndi kuti munthu salembedwamo kawiri. Pamene a National Registration Bureau adalemba anthu oposa 9 miliyoni mu 2017, aliyense ndi nambala yake, Amalawi adati alowa m'kaundula, sadati alowa m'nkhokwe.

Tivomere kuti nalonso liwuli lili ndi chilema, pakuti limatikumbutsa buku limodzi pomwe pano mabuku ndi angapo olozerana. N'chifukwa chake tikupempha akonzi ndi aphunzitsi kuti ayese mawu oti "kaundula wa mindandanda". Ndi aatali, koma wophunzira akawamva adzayamba wafunsa kuti mindandandayo ndi ingati, ndipo ikulumikizana pati.