Mzere wa Cholembera cha Edward Lear

Pali chizolowezi china chimene chamera mizu pakati pa anthu oweruza za mabuku, chimene mtima wanga ukana kuchilandira ngakhale ndachimva kawirikawiri, ndicho chakuti akatsegula buku la zithunzi maso awo athamangira ku utoto, nayamba kutama kuwala kwa mitundu ndi kusalala kwa nkhope, koma akafika pa tsamba limene wojambula anangodutsapo ndi cholembera ndi inki yakuda, alipitirira msanga poganiza kuti ntchitoyo inasiyidwa panjira. Akonzi a mabuku a ana ndiwo atsogola pa cholakwa chimenechi. Iwo afuna chithunzi chodzaza tsamba lonse, chopakidwa bwino pa kompyuta, mwana aliyense ali ndi maso ofanana ndi a mnzake. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pakuti m'zithunzi zotere, zingakope wogula chotani, mulibe munthu wopuma mpweya. Ndipo anthu omwewa akamva kuti wolemba wina amajambulanso, ndi kuti madzulo amakhala pa gitala kapena pa piyano, apukusa mitu nanena kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Maweruzo awiriwa atuluka m'kamwa limodzi, ndipo onse ndi okhota. Mboni yanga pa mlandu umenewu ndiye Mngelezi uja Edward Lear, amene analemba, najambula, naimba masiku onse a moyo wake, osagwa chagada.

Lear anabadwira ku London m'chaka cha 1812, mwana wa 20 mwa ana 21, m'banja limene chuma chake chinaphwasuka iye akali wamng'ono, kotero kuti amene anamlera anali mlongo wake wamkulu Ann, wosiyana naye zaka 21. Anakula ndi matenda a khunyu, amene anawabisa kwa anthu kufikira imfa yake, pamodzi ndi mphumu ndi maso ofooka. Ndipo asanakwane zaka 16 anali atayamba kale kugulitsa tizithunzi kuti apeze chakudya. Ali ndi zaka 18 analoledwa kulowa kumalo osungirako nyama a ku Regent's Park kuti akajambule zinkhwe, ndipo pofika 1832 anali atatulutsa zithunzi 42 za mbalamezi.

Pano ndiyenera kuima pang'ono, chifukwa amene sanaone zinkhwe zimenezi sangamvetse zotsatira. Ambiri ojambula mbalame a nthawi imeneyo ankajambula zikopa zouma zoikidwa udzu m'kati, ndipo mbalame zawo zinkatuluka zolondola nthenga ndi nthenga, koma zakufa. Mnyamatayu anakhala pamaso pa mbalame zamoyo, zimene sizidziwa kukhala chete, nazipenya tsiku ndi tsiku kufikira dzanja lake linadziwa mmene chinkhwe chimapendeketsera mutu chisanaluma, ndi mmene chala chimafinyira nthambi thupi likatsamira mbali imodzi. Pambuyo pake ankajambula yekha pa mwala wosalala ndi choko cha mafuta, chinthu chofuna dzanja losanjenjemera, pakuti mwala ukanyowetsedwa inki imagwira pokhapo pamene chokocho chinadutsa, ndipo chimene wajambula kumanja chimatuluka kumanzere pa pepala. Taonani chinkhwe chake china chachikulu chofiira ndi chachikasu: chatifulatira, chatukula mapiko pang'ono, ndipo chacheuka kutiyang'ana ndi diso limodzi, monga chamva phazi lathu. Utoto ulipo, inde, ndipo ndi wokoma. Koma phimbani utotowo m'maganizo mwanu, mudzapeza kuti kucheukako kwatsala, chifukwa kuli mu mzere wa khosi. Akatswiri a mbalame anamlemekeza pomutcha dzina lake mtundu wina wa zinkhwe zabuluu za ku Brazil, ndipo ulemuwo unali womuyenera.

Ntchito imeneyi ndiyo inamtengera ku Knowsley Hall, kwa mfumu ya ku Derby, imene inkaweta nyama ndi mbalame zamitundumitundu ndipo inafuna munthu wozijambula. Kumeneko, atatha ntchito ya tsikulo, Lear ankasangalatsa ana a m'nyumbamo powapekera tindakatulo ta mizere isanu tonena za nkhalamba zachilendo, ndi kuwajambulira nkhalambazo pomwepo, ana atamzinga, cholembera chikuthamanga. Zimenezi ndizo zinasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa A Book of Nonsense m'chaka cha 1846. Ndipo ndinena mosaopa kuti tizithunzi timeneti, timene munthu wosazindikira angati mwana wa sukulu akhoza kutijambula, ndito ntchito yake yopambana zonse.

Yesani kutijambula, inu amene mutero. Tengani nkhalamba ina ya ndevu zazikulu zimene mbalame zamangamo zisa. Munthu yense wapangidwa ndi mizere yowerengeka: miyendo yatambasuka, manja aponyedwa kumbuyo ngati mapiko, thupi lanyamuka pampando, ndipo pakati pa kuyera konse kwa pepala pali chinthu chimodzi chakuda bii, ndicho ndevuzo, mmene timbalame tasuzumira. Palibe khoma, palibe zenera, palibe mthunzi. Ndipo palibe chosowa, pakuti wojambula wadziwa chimene diso lifuna nakana kulipatsa china. Mzere uliwonse wakokedwa kamodzi, osabwerezedwa, osafufutidwa, ndipo umanenepa ndi kuonda monga mwa kulemera kwa dzanja. Mzere wotere subisa kanthu. Wopaka utoto akalakwitsa bondo aliphimba ndi chitsamba kapena ndi mthunzi, koma wa cholembera alibe pothawira: ngati sadziwa pamene thupi laika kulemera kwake, munthu wake adzagwa pa pepala pomwepo, aliyense akuona. Anthu a Lear sagwa, ngakhale aima pa chala chimodzi, chifukwa dzanja limene linawaimika linatha zaka likuyesa miyendo ya mbalame. Ndiponso ambiri a iwo ndi mbalame ndithu zovala majekete, a mphuno zonga milomo, zigongono zonga mapiko. Chimene anaphunzira ku Regent's Park sichinamchoke.

Koma chimene chindikondweretsa koposa, chimenenso ojambula a m'mabuku aiwala masiku ano, ndi chakuti chithunzi cha Lear sichibwereza mawu. Ambiri ayesa kuti ntchito yawo ndi kuonetsa chimene wolemba wanena kale: mawu akati mwana wanyamula ndowa, iwo ajambula mwana ndi ndowa, basi, ndipo wowerenga wauzidwa chinthu chimodzi kawiri. Lear ali ndi ndakatulo ya nkhalamba ina yokhala pa mtanda wa mpanda pamodzi ndi kadzidzi wake. Mawu sanena konse za maonekedwe a munthuyo; koma m'chithunzi nkhalamba ndi kadzidzi akhala moyandikana, maso ozungulira mofanana, mapewa okwera mofanana, kotero kuti mwana amene sanadziwe ndi kuwerenga komwe aona msanga chimene ndakatulo inabisa, kuti awiriwa akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka afanana. Apa chithunzi chatenga mbali yake ya nkhani, ndipo mukachichotsa, theka la nkhaniyo lapita. Ichi chitheka bwino pamene wolemba ndi wojambula ali munthu mmodzi, chifukwa adziwa chimene adzasiyira cholembera chojambula asanayambe kulemba. Ndipo ichi chokha chikwanira kutsutsa onse onena kuti munthu asagwire maluso awiri.

Wina asaganize kuti kufulumira kwa mzere umenewu kunali mphatso yongogwa kuchokera kumwamba. Kuyambira 1837, pamene chifuwa ndi maso zinamkakamiza kusiya ntchito yosinkha ya mbalame napita kukakhala ku Rome, Lear anakhala woyendayenda wojambula maiko: Italy, Greece, Albania, Egypt, Palestine, ndipo atakalamba India ndi Ceylon kuyambira 1873 kufikira 1875. Machitidwe ake anali amodzi kulikonse. Ankalawira m'mamawa, nakhala pansi pamaso pa phiri kapena mudzi, naujambula ndi pensulo msangamsanga dzuwa lisanasinthe mithunzi. Ndipo popeza panalibe nthawi yosakaniza utoto, ankalemba mawu pa chithunzi pomwepo, kuti apa mpofiirira, apa pali mchenga, apa mbuzi, nalembanso pangodya dzina la malo, tsiku, ndipo kawirikawiri ndi ola lomwe. Atabwerera kunyumba, madzulo ndi m'miyezi yozizira, ankadutsanso ndi inki pa mizere ya pensulo ija, chithunzi ndi chithunzi, nathirapo utoto wamadzi wopepuka. Zithunzi zotere anasiya zikwi zingapo, ndipo zambiri zisungidwa ku Houghton Library ku Harvard, pamodzi ndi mabuku ake a zochitika za tsiku ndi tsiku oyambira 1858, mmene ankalemba ntchito imene wagwira, makalata amene walemba, ndi kachizindikiro ka mtanda pa tsiku limene khunyu lamgwetsa. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Munthu amene wakoka mizere tsiku lililonse zaka makumi asanu, wodwala ndi wolimba womwe, ndiye akhoza kujambula nkhalamba yovina m'kamphindi, ikavinadi.

Chondimvetsa chisoni ndi chakuti mwini wake anagwidwa ndi chiweruzo chomwecho chimene ndikulimbana nacho. M'chaka chija cha 1846 anaitanidwa kukaphunzitsa Mfumukazi Victoria kujambula chifukwa cha zithunzi zake za ku Italy, pamene buku la nkhalamba zija linatuluka lopanda dzina lake lenileni, ndipo dzinalo linadzaonekerapo mu 1861. Mtima wake unali pa zithunzi zazikulu za utoto wamafuta, zimene anthu olemekezeka ankaziyesa luso lenileni. Analowa sukulu ya Royal Academy mu 1850 ali ndi zaka 37, nathera miyezi yambiri pa chithunzi cha mikungudza ya ku Lebanon, chimene anachiikira mtengo wa ma guinea 700 koma chinagulidwa patapita zaka ndi 200 okha. Za zithunzi zamafutazo ndilibe zambiri zonena: ndi zoyera, zolondola, ndi zouma. Chimodzimodzinso zija za utoto wamadzi zimene ankapanga makumi angapo nthawi imodzi kuti alipire ngongole, kupaka mtundu umodzi pa zonse asanatenge wina, zimene iye yemwe anazitcha mafumu ankhanza. John Ruskin, amene anali woweruza wamkulu wa zaluso ku England, anaona bwino koposa mwini wake pamene mu 1886 anaika buku la nkhalamba lija patsogolo pa mabuku amene ankawakonda.

Tsono nyimbo, zimene olemba za Lear amazitchula mongodutsa ngati chosangalatsa cha madzulo, ine ndiziyesa muzu wa zonsezi. Iye sanaphunzire nyimbo kusukulu. Ankaimba piyano ndi khutu, ankadziwanso chitoliro, gitala ndi akodiyoni, ndipo pocheza m'nyumba za abwenzi ankakhala pa piyano naimba ndakatulo za Alfred Tennyson m'maimbidwe opeka yekha, mwakuti omvera ena ankagwetsa misozi. Zina mwa nyimbozi zinasindikizidwa kuyambira 1853, koma anachita kumlembera manotsi ake munthu wina, Edward Rimbault, iye akuimba. Munthu wotere samva mawu monga awamvera wowerenga ndi maso okha. Oweruza ambiri adandaula kuti tindakatulo take timatha mofooka, chifukwa mzere wotsiriza umangobwerera ku liwu limene linatseka mzere woyamba, mmalo modzidzimutsa wowerenga ndi nthabwala yatsopano monga achitira olemba a pambuyo pake. Kudandaula kumeneku kundikwiyitsa, pakuti ndi kwa anthu amene sanayesepo kutiimba. Kubwererako ndi kwa woimba amene afikitsa nyimbo pamene inayambira, monga nyimbo ya m'nthano ibwerera pa mawu amodzimodzi kuti ana apeze povomera. Ndipo Lear ankapekera ana omzinga, amene afuna kulowa nawo m'nyimbo, osati akuluakulu oyembekeza kudabwitsidwa. Kugunda komweko kuli m'zithunzi. Penyani mapazi a anthu ake: owerengeka okha ndiwo aponda pansi ndi chidendene, ambiri ali pa zala, ena ali m'malere, mkono uku mwendo uko, monga anthu ogwidwa pakati pa gule. Dzanja limene linawajambula linali kumva nyimbo, ndipo wojambula wopanda khutu, angadziwe mafupa a thupi chotani, sadzaupeza mzere umenewo.

Ndakatulo zake zazitali, monga ina ya kadzidzi ndi mphaka imene inatuluka m'buku la 1871, ankaziimbanso pa piyano m'maimbidwe akeake kunyumba kwake ku San Remo, kumene anakhala zaka zake zotsiriza kufikira anamwalira mu January 1888. Mwa maimbidwe onsewo awiri okha ndiwo analembedwa m'manotsi nasindikizidwa, m'buku la Laughable Lyrics la 1877. Otsalawo, ndi a kadzidzi ndi mphaka omwe, anapita naye kumanda, chifukwa iye sankatha kuwalemba, ndipo mwa anthu onse ophunzira amene anamumva akuimba zaka zonsezo panalibe amene anawayesa oyenera pepala ndi inki.